Tayala Lachinayi

Anzanga, ndikufunseni kaye: munaonapo mtsikana akudula yekha zikhadabo zake chifukwa cha mwamuna? Osati zikhadabo wamba ayi, koma zija zazitali, zopaka kyutekisi wofiira psuu, zimene munthu amaopa nazo ngakhale kutsegula botolo. Tsabola anadula. Zonse! Ndiye muzikumbukira zikhadabozo pamene tikupita, chifukwa zimene zinachitika pambuyo pake, ndikanakhala ine, kaya.

Tsabola ndi mtsikana uja wa pakamwa pothwa, dzinalo linachokera pomwepo. Chibwenzi chake ndi Nkhono. Anzake anamupatsa dzina limeneli chifukwa cha kayendetsedwe kake ka galimoto. Mnyamatayo akakhala pachiwongolero, apanjinga amamupitirira akumuimbira belu. Akaona dzenje pamsewu amaima kaye, kulipatsa moni, kenaka n'kulizungulira mwaulemu. Galimotoyo ndi yakale, anaigula kwa munthu amenenso anaigula kwa munthu wina, koma Nkhono amaipukuta m'mawa uliwonse ngati khanda. Ndipo chiwongolero chake sagwiritsa aliyense. Tsabola anapempha mpaka kutopa. "Ndiphunzitseko, ngakhale pabwalo la mpira chabe." Yankho linali lomwelija nthawi zonse: "Galimoto yanga inazolowera manja anga okha."

Vuto lalikulu linali amayi ake a Tsabola. Tsiku limene anamuona Nkhono koyamba akutsitsa mwana wawo pageti, sanayang'ane nkhope yake n'komwe. Anayang'ana malimu, zitsulo zija za pakati pa matayala. Anali otuwa mbuu, penti atakanganuka, lina lili ndi chilonda chachikulu m'mphepete.

"Munthu amene akulephera kusamala miyendo ya galimoto yake," anatero amayiwo akutseka katani, "angasamale mwana wanga?"

Tsabola anachonderera, analira, anasiya kudya, mpaka amayi ake anavomera kuti mnyamatayo abwere Lamulungu masana adzaonekere. "Koma akachedwa, asagogode n'komwe. Mwayi wina sindidzamupatsa."

Ndiye mukudziwa kuti Tsabola sasunga mawu m'kamwa. Anakamuuza Nkhono zonse, za miyendo ya galimoto zomwe. Mnyamatayo zinamubaya. Analumbira kuti adzafika pageti limenelo malimu akuwala ngati supuni zatsopano. Atapita kukafunsa kwa openta magalimoto, mtengo umene anamuuza unamukhazika pansi pa benchi. Anabwerako ndi nzeru ina: apenta yekha kunyumba.

* * *

Nkhono amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya alandilodi, ndipo galimoto yake imagona m'galaja yawo. Ntchito inayambira m'menemo Lachinayi m'mawa, popeza penti sagwirizana ndi mphepo kapena fumbi. Pamene Tsabola amafika anapeza galimoto itakhala kale pa njerwa, matayala onse atagonekedwa pa makatoni ngati odwala.

"Wabwera kudzaonerera kapena kudzagwira ntchito?" anafunsa Nkhono.

"Ndabwera kudzakuyang'anira. Ndikakusiya wekha, Lamulungu lidzakupeza ukupatsa moni tayala loyamba."

Nkhono anaseka, namupatsa beseni. "Choyamba titsuke ndi sopo wa mbale kuti mafuta onse achoke. Tikatero tikweche ndi sandipepa wonyowa mpaka penti wakale asiye kuterera. Watsopano sagwira pamalo posalala."

"Basi? Ndiye openta aja amadula chiyani?"

"Udziwa madzulo, msana ukayamba kulankhula."

Tsabola anagwada, natenga sandipepa. Anangokwecha pang'ono, chikhadabo cha chala cholozera chinakola m'kangodya ka limu. Thyo! Anachiyang'ana. Anayang'ana zinzake zotsalazo. Nkhono anali atatsegula kale pakamwa kuti amuuze akhale pampando, koma Tsabola anatambasula dzanja.

"Ndipatse kodulira zikhadabo kaja kali pa makiyi ako."

"Iwe, usatero. Wazisunga kuyambira liti zimenezo?"

"Ndati ndipatse."

Tche, tche, tche. Tizidutswa tofiira tinagwera pakatoni. Nkhono anagwira manja akewo mofatsa. Kenaka anati, "Zidzamera."

"Ndikudziwa kuti zidzamera. Koma ukadzandikhumudwitsa, zidzamerera pankhope pakopo."

Anakwecha tsiku lonse, anzanga. Madzi otuwa akuyenderera m'zigongono, wailesi ya pafoni ikulira, akunyozana za amene akuchedwa. Tsabola anasankha dala limu lija la chilonda chachikulu, la kutsogolo kumanzere, chifukwa ndi limene amayi ake analinyoza. Chilondacho chinali chozama, chokhala ngati chinyama chinaluma. Anachikwecha mpaka nsonga za zala zake zinafiira, Nkhono n'kudzamatapo kaphala kotuwa kotsekera maenje a zitsulo.

"Koma ndikufunse," anatero Tsabola akupukuta thukuta ndi mkono. "Iwe amene umazungulira ngakhale mthunzi wa dzenje, chilonda ichi unachitola kuti?"

Nkhono anawerama, nayamba kufunafuna chinthu m'bokosi la masipanala.

"Zimachitika," anatero.

"Zimachitika kwa anthu ena. Osati kwa iwe."

"Simenti ya m'mphepete mwa msewu inali pafupi. Tandipatsira nsanzayo."

Tsabola anamupatsa nsanza ija, koma anamuyang'ana kanthawi. Makutu a mnyamatayo anali akugwedera, ndipo makutu a Nkhono amagwedera pokhapokha pakamwa pakabisa kanthu.

* * *

Lachisanu linali tsiku la penti. Nkhono anatulutsa m'thumba paketi ya makadi osewerera.

"Ndiye tayamba juga?" anafunsa Tsabola. "Amayi akamva zimenezi basi watha."

"Taona." Anatenga kadi imodzi naitsomeka pakati pa limu ndi labala ya tayala. Kenaka ina, kenaka ina, kuzungulira, mpaka tayalalo linaoneka ngati duwa. "Penti akamauluka azigwera pa makadi, osati pa labala. Tepi ndi yodula, makadi ndinali nawo kale."

Tsabola anaomba m'manja. Pamenepo ankamukonda mnyamatayu mpaka mtima kupweteka. Anamva kuti zitini za pentizo Nkhono anachita kusinthanitsa ndi tayala lake lapadera, lija limakhala kumbuyo podikira ngozi. Tangoganizani, kuyenda opanda sipeya chifukwa cha mawu a apongozi amene sanavomerenso kukhala apongozi!

Anayamba ndi penti wotuwa wa pansi. Nkhono anaima kumbuyo kwa Tsabola, atagwira dzanja lake lopanda zikhadabolo.

"Usayandikize chitini. Uzidutsa msanga ngati ukuingitsa ntchentche. Pang'ono pang'ono. Ukathira wambiri nthawi imodzi, penti amalira misozi."

"Ndiye tikatha apa?"

"Timadikira aume."

"Kenako?"

"Timapoperanso, n'kudikiranso."

"Ntchito imeneyi anaipangira iwe ndithu," anatero Tsabola. "Kudikira basi."

Dzuwa likupendeka, matayala atatu anali atatha, akuwala siliva ng'aning'ani pakhoma. Lachinayi, lija la chilonda, Tsabola anakana kuti Nkhono alikhudze. Analipopera yekha, atatseka mphuno ndi mpango, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu amene akulemba bwino. Atamaliza, chilonda chija sichinkaoneka ngakhale utayandikiza diso.

"Limeneli ndi langa," anatero. "Lamulungu uimike galimoto moti amayi ayambe kuona limeneli."

Ndiye mphuno yake inamva kanthu. M'galaja monse munali fungo la penti, loti munthu mutu kuzungulira, koma fungo linalake lotsekemera linaboola pakati pake n'kulowa. Anzanga, amene mumamudziwa mwamudziwa kale. Kwa amene simukumudziwa: alandilodi ali ndi mwana wamkazi mmodzi, ndipo anthu amamutchula Perefyumu, chifukwa fungo lake limafika iye akadali kubafa.

Analowa atanyamula thireyi. Pathireyipo panali tambula imodzi yokha ya juwisi wozizira. Imodzi! Zikhadabo zake zinali zazitali, zapinki, zokhala ndi timiyala tonyezimira.

"Aphunzitsi, mwatopatu," anatero Perefyumu, mawu akuwakoka ngati chingamu. Kenaka anachita ngati wangomuona kumene Tsabola. "Aa, muli ndi waganyu? Ndikanadziwa ndikanabweretsa madzi."

Tsabola anachotsa mpango kumphuno pang'onopang'ono.

"Waganyu ndi amene wanyamula thireyi, achemwali. Ndipo aphunzitsi mukunenawo ndi aphunzitsi a chiyani?"

Nkhono anayamba kutsokomola, ngakhale juwisi anali asanamwe.

Perefyumu anayenda mwa tiyetiye mpaka pa tayala lachinayi, nawerama. "Mayo ine! Ili si lija? Mwalikonza bwino bwanji! Aphunzitsi, ndimagona ndikuliganizira limeneli. Tsiku lija ndinachita mantha, ndiye m'malo mwa buleki ndinaponda china chija, kenaka kwerere! Mukanapanda kundigwira manja pachiwongolero, tikanalowa m'ngalande tonse awiri."

Tsabola anaika chitini cha penti pansi.

"Chiwongolero chake chiti?" anafunsa Tsabola. Mawu ake anali otsika, ndipo Tsabola akatsitsa mawu, anzeru amathawa.

"Cha galimoto yomweyi. Simunawauze, aphunzitsi? Lamulungu lililonse m'mawa." Anaika tambula m'manja mwa Nkhono, natembenuka. Pakhomo anacheuka, maso ali pa zala za Tsabola. "Koma manja anuwo muwapake mafuta, achita ngati a bambo."

* * *

"Ndilongosole kaye," anatero Nkhono.

"Longosola. Ndakhala pansi."

Sanakhale pansi ayi. Anali ataimirira, manja m'chiuno, penti akudetsa siketi.

"Alandilodi anati galimoto izigona m'galaja mwaulere, koma ndizimuphunzitsa mwana wawo kuyendetsa. Ndikanakana, ikanamagona panja. Ukudziwa akuba a kuno, akanandisiyira chiwongolero chokha."

"Chiwongolero chimene chinazolowera manja ako okha."

"Tsabola..."

"Lamulungu m'mawa. Nthawi ija ndikakuimbira umati uli pansi pa injini?"

"Ndinkaopa kuti ukwiya."

"Ndiye pano ndikuvina?" Anamuonetsa zala zake pafupi ndi mphuno. Zinali zofiira, zotupa, zasiliva m'mbali. "Taona. Taona bwinobwino! Ine ndadula zikhadabo zanga, ndagwada pa simenti mpaka mawondo kuchita zikang'a, kufufuta chilonda chimene anasiya mkazi wina. Iye wakanda, ine ndikwecha. Iye akukhala pampando wa dalaivala, ine pakatoni!"

"Palibe chilichonse pakati pa ine ndi iye. Ndi ntchito chabe."

"Unamugwira manja."

"Tikanagwera m'ngalande!"

"Mukanagwera! Ndikanabwera kudzakuonani kuchipatala ndi zikhadabo zanga zonse!"

Ndiye apa Nkhono analakwitsa chinthu chimene Nkhono yekha angalakwitse. Tsabola polankhula ankaponda pansi mwamphamvu, ndipo fumbi linayamba kudzuka. Mnyamatayo anayang'ana fumbi lija, nayang'ana tayala.

"Chonde, usamaponde choncho. Penti sanaume."

Anzanga! Mtima wa munthu ukuyaka moto, iye akuganiza za penti!

Tsabola anamuyang'ana, nagwedeza mutu ngati wamvetsa chinthu chachikulu. Anawerama, nazula makadi onse aja kamodzi, n'kumuwaza nawo pachifuwa. Kenaka anadzutsa tayala lachinayi, naliimika.

"Iwe, ukutani? Tsabola! Lili lonyowa!"

"Ndinakuuza kuti ndi langa. Ndikupita nalo."

"Ndilibe sipeya!"

"Ndikudziwa. Ukamuphunzitse ndi matayala atatu."

Anakankha chitseko cha galaja ndi phazi, natuluka akuligubuduza.

* * *

Mukanaona msewu umenewo! Mtsikana wovala bwino, tsitsi lokonza, akuthamangitsa tayala ngati mwana. Tayalalo linali lolemera, likufuna kupita kwake, iye akulibweza ndi manja. Paliponse pamene wagwira pankatsala zala zake pa penti. Fumbi la msewu wonse linakakamira pa siliva uja, pamodzi ndi udzu, nthenga ya nkhuku ndi kapepala ka switi.

"Asisi, galimoto yotsalayo ikubwera m'mbuyo?" anakuwa wometa tsitsi ali pakhomo pa shopu yake.

"Mwagula pang'onopang'ono eti?" anawonjeza mayi wogulitsa tomato. "Mwezi wamawa chitseko!"

Tsabola sanayankhe aliyense, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire. Nkhono anayesa kumutsatira, koma pageti anakumana ndi alandilodi amene ankafuna kudziwa chifukwa chake nyumba yonse ikununkha penti, ndipo mukudziwa kuti Nkhono satha kudula munthu wamkulu mawu.

Tsabola atafika kwawo analowera khomo la kuseri, nalikankhira tayalalo pansi pa bedi. Silinakwane. Analikokera kuseri kwa wadirobu n'kulifunditsa bulangete. Atatero anagona chafufumimba n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, kwa mamina komwe.

Foni inayamba kunjenjemera. Unali uthenga wa Nkhono.

"Chonde bweza tayala. Tikambirane."

Anayankha: "Tayala kapena ine?"

"Nonse."

"Wayamba kutchula ndani?"

Yankho linabwera: "Iwe ndiwe woyamba. Koma popanda tayala sindingafike Lamulungu."

"Upemphe wophunzira wako akubereke kumsana."

Anazimitsa foni.

* * *

Loweruka m'mawa Tsabola anadzuka mutu utazizira. Anagona chagada n'kuyamba kuganiza bwinobwino. Mnyamata uja anagulitsa sipeya chifukwa cha ndani? Anakwecha malimu mpaka zala kutupa chifukwa cha ndani? Ndipo mawa akapanda kufika, amene aseke ndi ndani? Perefyumu ndi amayi, basi. Anaganiza zolibweza tayalalo, koma atamuzunza kaye mpaka masana.

Atatuluka kubafa, anapeza amayi ake ataima pakati pa chipinda, bulangete lili m'manja.

"Ndatsatira zala," anatero amayiwo. "Pachitseko cha kuseri pali zala zasiliva. Pafiriji zala zasiliva. Pakapu yanga ya tiyi zala zasiliva. Ndimati m'nyumba mwalowa mzukwa wolemera. Ichi n'chiyani?"

"Ndi tayala, amayi."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti likutani kuseri kwa wadirobu yanga. Ana a anzanga amabwera ndi maluwa, ena ndi mphete. Wanga wabwera ndi tayala la nthenga."

"Ndi la Nkhono. Timapenta. Ndikukabweza pompano."

Amayi ake anamugwira dzanja, nalitembenuza. Anayang'ana zala zija nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Zikhadabo zako zili kuti?"

Tsabola anabweza dzanja lake msanga, nalibisa kumbuyo.

"Maso akowo atupa ndi chiyani? Penti?"

Apa ndiye pakamwa paja panamupereka. Anafuna kungonena pang'ono, koma zonse zinatuluka: za galaja, za chiwongolero, za tambula imodzi, za manja a bambo. Pamene amazindikira kuti akupereka mfuti kwa mdani, anali atamaliza kale.

Amayi ake sanakalipe. Anangoligubuduza tayala lija kudutsa m'khonde mpaka m'chipinda chosungira katundu, natseka ndi loko, kiyi n'kumumangirira pa chingwe cha m'khosi.

"Amayi, chonde! Popanda limenelo sangabwere!"

"Miyendo alibe? Ngati akukufuna, abwera wapansi, ndipo adzandiuza yekha za mwana wa alandilodiyo. Akapanda kubwera, tayalali ndidzadzalamo maluwa."

Tsabola anathamangira kwa abambo ake, amene anali pakhonde akusoka nsapato yawo.

"Ababa, alankhuleni amayi!"

Abambowo anayang'ana kukhomo kaye, natsitsa mawu. "Mwana wanga, njinga yanga ili m'chipinda chomwecho kuyambira chaka chatha. Ukapeza njira, undiuzeko."

* * *

Tsabola anayatsa foni. Mauthenga a Nkhono anali mbwee.

"Wadzuka bwanji?"

"Atatu aja auma bwino."

"Ndalakwa. Ndikanakuuza kalekale."

"Ndidzakuphunzitsa kuyendetsa. Ngakhale ukande onse anayi."

Uthenga womalizawu unamuliza kachiwiri. Anayamba kulemba kuti amayi atsekera tayala, koma anafufuta. Akanayamba bwanji kuvomera kuti iye mwini waulula zonse? Tsabola ndi munthu woti akhoza kumeza mwala kusiyana ndi kunena kuti ndalakwa. Ndiye analemba mwachidule:

"Tayala silibwera. Mawa ubwere wapansi. Usachedwe."

Yankho linabwera msanga. "Ndinalumbira kuti ndidzafika ndi galimoto. Amayi ako akandiona wapansi adzati ngakhale miyendo yotuwa ija ndagulitsa."

"Ndati ubwere wapansi!"

"Usadandaule. Ndipeza njira."

"Njira yanji?"

Tsabola anamuimbira, foni inangolira. Anaimbanso, ndipo ulendo uno inayankhidwa, koma mawu sanali a Nkhono.

"Halo-o? Aphunzitsi ali pansi pa galimoto ya adadi, manja ali ndi girizi. Ndiwauze kuti ndani?"

Tsabola anadula. Anakhala pabedi foni ili m'manja. Pansi pa galimoto ya adadi kukatani? Ndipo foni yake ikutani m'manja mwa zikhadabo zapinki? Anaganiza zopita komweko, anavala nsapato imodzi, koma amayi ake anaitana kuchokera kukhitchini kuti mawindo onse apukutidwe alendo asanabwere, ndipo pageti panali patakhomedwa kale.

* * *

Lamulungu nyumba inali yowala. Amayi anavala diresi lawo la maluwa akuluakulu, kiyi uja akulendewera pachifuwa ngati mendulo. Abambo anawaveka taye. Tsabola anapaka kyutekisi pa tizitsa ta zikhadabo zake, anaona kuti zikuoneka ngati nyemba, nafufutanso.

Wotchi ya pakhoma inkayenda ngati ikuthamangitsidwa. Amayi ankaiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kumwetulira.

"Maluwa ofiira angakhale bwino m'tayala lija," anatero. "Kapena oyera?"

Tsabola anaima pazenera, maso ali kumsewu, akufunafuna mnyamata woyenda wapansi atavala shati yoyera. Ankapemphera chamumtima: angobwera, ngakhale thukuta lili kamukamu, angobwera yekha.

Kenaka hutala inalira. Pi-piii!

Mtima wake unadumpha. Koma nthawi yomweyo unabwerera m'malo mwake mozizira, chifukwa Nkhono saliza hutala choncho. Nkhono amaikhudza pang'ono ngati akupepesa.

Onse atatu anatuluka. Galimoto inali ikubwera mumsewu wawo, yotsukidwa, ikuwala. Malimu atatu anali asiliva, okongola moti ngakhale amayi anakweza zikope. Lachinayi, limene analiika kumbuyo, linali lakuda bii, lobwereka. Ndipo galimotoyo inkabwera modumphadumpha ngati chule, ikupita kumanja, ikubwerera kumanzere.

Pampando wa pambali panali Nkhono, atavala shati yoyera, dzanja limodzi litagwira denga, pakamwa pakuyenda ngati akupemphera. Pachiwongolero panali magalasi akuluakulu akuda ndi zikhadabo zapinki.

"Buleki!" mawu a Nkhono anamveka mpaka pageti. "Chapakati! Chapakaticho!"

Kwerererere!

Galimoto inakhuza simenti ya pageti, n'kuzima. Kafumbi kasiliva kanauluka. Limu la kutsogolo, limodzi mwa amene Tsabola anakwecha ndi zala zake, linali ndi chilonda chatsopano kuchokera uku mpaka uko.

Chitseko cha dalaivala chinatseguka, fungo linatsika, kenaka mwini wake. Perefyumu anakonza siketi, makiyi a Nkhono akuzungulira pa chala chake.

"Muli bwanji amayi, muli bwanji abambo? Pepani ndi kaimikidwe, ndikadali kuphunzira. Adadi anabwereketsa tayala lawo, koma anati phunziro la Lamulungu lisaphonyeke, ndiye tangoti tiphatikize ulendo."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Kenaka anatembenukira kwa Nkhono, amene anali akutuluka mwendo umodzi umodzi.

"Achimwene, nthawi mwasunga, pamenepo sindinganame. Koma tandiuzani. Mwabwera ndi akazi anu kudzafunsira wachiwiri?"

Apa, anzanga, mpamene munthu amayenera kulumpha, kukana, kulumbira, kugwira dzanja la chibwenzi chake pamaso pa onse. Tsabola anali atatambasula kale dzanjalo pang'ono, lopanda zikhadabo lija, akudikira.

Perefyumu ndi amene anayankha. Anaseka, naphimba pakamwa ndi makiyi.

"Aa, amayi, sitinafike pamenepo. Tikadali kuphunzitsana."

Tsabola anatembenuka kuti amve chimene Nkhono anene. Sanamuone. Anatsitsa maso.

Mnyamatayo anali atagwada pafumbi ndi thalauza lake la Lamulungu, akusisita chilonda cha limu ndi chala, pang'onopang'ono, ngati pali munthu amene wavulala.

Dzanja la Tsabola linabwerera lokha. Amayi ake anavula chingwe cha m'khosi, namuika kiyi m'chikhatho.

"Kamutengere tayala lake," anatero mofatsa. "Waona wekha amene wayamba kupepesedwa."